Nameleka wa Lamba Wofiira

Ana anga, mwakhala mukundifunsa chifukwa chake phewa langa lamanja ndi lotsika kuposa linzake. Amayi anu amati ndi ukalamba, adokotala amati ndi nyamakazi, koma ine ndikumudziwa amene analitsitsa. Za ubwana wanga ndi sukulu ya mishoni ndilumpha. Mukafunse azakhali anu, iwo amazikumbuka bwino ndipo amathirako mchere. Ine ndiyambira pomwe ndinayamba kudya thukuta langa.

Liwaladzi, nthawi ya chipani chimodzi

Ntchito yanga yoyamba, yomwenso inakhala yomaliza, inali ya ulenje wa boma. Mvuu ikalowerera mpunga wa anthu, kapena ng'ona ikazolowera padooko pomwe amayi amatunga madzi, ankaitana ife. Ananditumiza ku Liwaladzi ndili mnyamata wa ndevu zowerengeka, nditavala nsapato za boma zondikulira, ndipo amene anandilandira anali a Sefu, mlenje wamkulu wa dera limenelo. Anali Msilamu wa ku Boma, wamfupi, wosaseka msanga, msilikali wakale amene anamenya nawo nkhondo ya azungu kutsidya kwa nyanja zamchere. Anandiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu, kenako analowa m'kanyumba ka malata n'kutuluka atanyamula mfuti yaitali ngati nkhafi.

"Uyu ndi Nameleka," anatero. "Kwawo ndi ku Amereka. Ndi wamkulu kwa iwe, ndi wamkulunso kwa ine. Uzimupatsa ulemu."

Ndinamulandira ndi manja awiri, ndipo pang'onong'ono ndikanamugwetsa chifukwa cha kulemera. Alenje anzanga onse anali ndi mfuti za Angelezi, zazifupi ndi zopepukirapo, moti poyamba ndinaganiza kuti andipatsa ine iyi chifukwa ndinali mlendo wopanda wondilankhulira. Thabwa lake linali lakuda ndi mafuta a manja a anthu ambiri. Pamwamba, poyang'anira, panali makutu awiri achitsulo. Chitsulo chokankhira chipolopolo, chomwe ife tinkangochitcha bawuti, chinali ndi chogwirira chopindika ngati mwendo wa galu. Apa ndi apo pachitsulo panali timitu ta mbalame todindidwa, tating'ono kwambiri, ndipo a Sefu ankati ndi nkhwazi za kumeneko. Koma chomwe munthu ankayamba kuona chinali mzere wa penti yofiira wozungulira thabwa chakutsogolo, ngati lamba wa mwana wa sukulu.

"Lamba ameneyu anamupaka Angelezi pa nkhondo," anandiuza a Sefu. "Ankaopa kuti msilikali angasokoneze n'kuikamo chipolopolo cha Chingelezi. Mayi ameneyu sadya za eni ake, amadya zakwawo zokha. Ukaiwala zonse zimene ndikuphunzitse, chimenechi usaiwale."

Anthu amaganiza kuti mlenje amakhalira kuwomba. Ayi ndithu, mlenje amakhalira kudikira. Tinkapita kumathiriro a Bua kusanache bwino, n'kukhala m'bango, madzi akutinyambita m'mawondo, nkhungu itaphimba mtsinje moti bwato la msodzi linkadutsa ngati likuyenda m'mwamba. A Sefu sankalola kulankhula, kusuta kapena kumenya udzudzu. Ndiye munthu ungatani? Ine ndinkaika tsaya pathabwa la Nameleka n'kumalota maso ali gwa. Ndinkaona dziko lomwe sindinafikeko, loyera mbee ndi chisanu, komwe mtengo wa thabwa limeneli unamera. Ndinkaona munthu wovala magalasi akudinda timitu ta nkhwazi tija ndi kahamala, akuganiza za chakudya chamasana. Ndinkaona sitima yaikulu, mabokosi ataunjikidwa m'mimba mwake, kenako mnyamata wa tsitsi lofiira akunjenjemera ndi mphepo pamlatho, atamukumbatira Nameleka monga ndinkamukumbatira ine. Nthawi zina ndinkadzifunsa ngati iye amakumbuka kwawo, ngati fungo la matope a Bua silimunyansa. Ndinkamulonjeza mumtima kuti tsiku lina adzabwerera, ngakhale sindinkadziwa kuti ndi ndani adzamutengere kumeneko. Chigongono cha a Sefu m'nthiti mwanga ndicho chinkandibweza ku Liwaladzi.

"Iwe, walota mpaka kuti lero?" ankandifunsa tikamabwerera, atayamba kale kumwetulira.

"Lero ndinafika padooko la sitima, a Sefu."

"Mawa ukafike msanga, ubwereko ng'ona isanatidye."

Mwadzama, zaka za kusowa

Atandisamutsira ku Mwadzama, cha ku nyanja ya Chia, ndinali nditakwatira kale amayi anu, ndipo a Sefu anali atapuma ntchito. Sipanapite nthawi yaitali anatisiya. Ndinapita kumaliro awo ku Boma, ndinaima kumbuyo kwa Asilamu anzawo osadziwa poika manja, ndipo ndinalira kuposa mmene ndinalirira bambo wanga wondibala. Izi ndikuzinena poyera chifukwa ndi zoona.

Zaka zimenezo zinali zowawa. Njinga ya ntchito inalibe matayala, yunifolomu inang'ambika mpaka amayi anu anatopa kuika zigamba, ndipo zipolopolo za Nameleka zinasiya kubwera. Za mfuti za Angelezi zinkafikako mwa apo ndi apo, koma zakwawo kwa mayi wanga ayi. Zimene ndinatsala nazo zinkakwana m'dzanja limodzi, zachikalekale, zitayamba kubiriwira, ndipo ndinkazipukuta ndi nsanza ngati mazira. Bwana wathu nthawi imeneyo anali a Gondwe, munthu wa kumpoto, wamtali, wokonda kulongosola zinthu ndi chala. Sanali woipa, koma ankadana ndi chinthu chilichonse chosafanana ndi zinzake.

"Imwe a Banda, chigogo ichi mukuchisungiranji? Bwezani, tikupatseni mfuti yofanana ndi anzanu. Mukuyenda ndi ndodo yolemera basi."

"Bwana, ndodoyi ikalankhula sibwereza kawiri."

"Nanga ikasowa chonena?"

Koma mfutiyo sindinaibweze. Mnzanga wa ntchito kumeneko anali Yusufu, wa msinkhu wanga, mwana wa msodzi wa ku Boma, munthu waukhondo wodabwitsa. Ngakhale tichokere m'matope otani, iye ankayamba wachapa nsapato asanamwe madzi. Ine ndi Yusufu tinaphunzira kuthamangitsa mvuu ndi zitini, madebe ndi kukuwa, Nameleka ali paphewa ngati mlendo wolemekezeka amene wangobwera kudzaonerera. Koma kunabwera ng'ona ina yomwe zitini sizikanaithandiza. Inagwira mayi wina akuviika chinangwa m'mphepete mwa Chia, ndipo anthu anasiya kupita kumadzi. Tinaidikira mmawa uliwonse mpaka maso athu anatupa. Tsiku lomwe inatulutsa mphumi pamwamba pa madzi, chipolopolo choyamba chinangoti tswa, osalira. Yusufu anandigwira malaya kumbuyo akunong'ona mapemphero ake. Ndinakoka bawuti pang'onopang'ono, ndinakankha china, ndipo Nameleka analankhula. Mawu ake anali okuya, osiyana ndi a mfuti zina, moti mbalame zonse za m'bango zinauluka nthawi imodzi ndipo kumwamba kunada. Ng'ona ija inafera pomwepo. Kuyambira pamenepo anthu a m'midzi imeneyo ankati akandiona ankayamba kupereka moni kwa iye. Amayi okalamba ankafunsa kuti, "A Nameleka adzuka bwanji?" kenako n'kukumbukira kuti palinso ine.

Ku Boma, ndikuyandikira kupuma

Maondo atayamba kukana matope, anandibweretsa ku Boma kuti ndizisunga chipinda cha mfuti. Yusufu nayenso anabwera, ngati mlonda wa masana. Alenje achinyamata anali atalandira mfuti zatsopano, ndipo zakale zonse zinaimikidwa pakhoma. Nameleka ndinamuika pakona yoyang'anizana ndi tebulo langa. Malinga ndi lamulo la chipindacho, bawuti wa mfuti iliyonse yosagwira ntchito ankachotsedwa n'kutsekeredwa padera, ndipo wa Nameleka ndinamukulunga m'kansalu ka mafuta n'kumuika m'dilowa yomwe kiyi wake ndinkayenda naye. Masana kukatentha, malata akulira, ndinkamuyang'ana n'kumabwerera ku Bua osadzuka pampando. Kuseri kwa chitseko kunalinso mfuti ina ya ku Amereka, yamtundu womwewo, yomwe inabwera kuchokera cha ku Dwangwa ilibe bawuti. Inali yafumbi, yokutidwa ndi mafuta ouma, ndipo palibe amene anaipatsa dzina.

Tsiku lina bwana wathu, Mayi Chisale, anandiitana muofesi. Anali mayi wachitsikana poyerekeza ndi ine, waulemu, ndipo ananditsitsira mawu asananene. Kulikulu kunachokera lamulo loti mfuti zonse zakale zidulidwe ndi makina, zisadzagwere m'manja mwa anthu oipa. Lamulolo linali labwino, sindikanalitsutsa. Koma ndinamva ngati pansi patseguka. Kenako anawonjeza kuti pali mzungu wina wachikulire wa ku Amereka, wosonkhanitsa mfuti za pa nkhondo, amene wapatsidwa chilolezo chotenga mfuti imodzi yokha ya kwawo, ndipo abwera kudzaiona. Ndinatuluka muofesimo ndikuyenda ngati munthu woledzera. Zimene ndinkalota m'bango muja zinali zitandilondola mpaka ku Boma.

Sabata yomwe mlendoyo ankayembekezeka, amayi anu anachitidwa opaleshoni ya maso ku Lilongwe, ndipo ndinapita kukawadikirira. Makiyi a chipinda ndinasiya kwa Mayi Chisale. Ndinabwerera mmawa wa tsiku lenilenilo, ndinatsika minibasi n'kukwera kabaza, ndipo pageti ndinapeza Yusufu akundidikira, nkhope ili ngwee.

"Achimwene, bwerani mudzaone mkwatibwi. Ndamukonza kuti kwawoko asakatiseke."

Kwathu kuno mlendo akamabwera timasesa bwalo, timakwecha mapoto ndi mchenga mpaka munthu adzionerepo nkhope. Yusufu anachita zomwezo. Anapempha makiyi kwa bwana, anakatapa mchenga wosalala wa kunyanja, anasakaniza ndi phulusa, anagula sandipepa ndi vanishi ndi ndalama zake, n'kukhala pansi pa khonde masiku onse omwe ine kunalibe. Nameleka anali gone patebulo, pansalu yoyera. Chitsulo chake chinkawala ngati sefuliya yatsopano. Thabwa lakuda lija linali lofiirira, lonyezimira, losalala ngati khomo la sitolo. Timitu ta nkhwazi tinali titatsala mithunzi yokha. Lamba wofiira panalibe.

"Penti yakale ija inali yonyansa, yosendekasendeka," anatero Yusufu. "Ndinafuna kupaka yatsopano, koma kwa amwenye yofiira yatha. Wallahi, pali Mulungu, manja angawa atupa. Mukuti bwanji?"

Ndinamuyang'ana mnzangayo, zala zake zitasupuka, maso akudikira. Mumtima munandiwawa ngati ndakumana ndi mayi wanga atavala nkhope ya munthu wina. Koma sindinkadziwa za malamulo a osonkhanitsa mfuti, ndipo ndinadzilimbitsa mtima kuti mwina azungu amakonda zowala. Ndinati, "Wagwira ntchito, Yusufu."

Mlendoyo dzina lake anali a Wolta, mkulu wa imvi, woyenda ndi ndodo. Ali mnyamata anaphunzitsapo sekondale kuno kwathu, choncho ankalankhula Chichewa chakale, chaulemu, chonga cha m'buku la mapemphero. Anandionetsa pafoni zithunzi za chipinda chawo cha ku Amereka: mfuti za bawuti zitandandalikidwa pakhoma, iliyonse ndi kapepala kofotokoza komwe inayenda. Anati bambo awo ananyamulapo yotere pa nkhondo, ndipo iwo akhala moyo wawo wonse akuzifunafuna m'maiko momwe zinamwazikira. Ana a sukulu amabwera kudzaziona. Atafika patebulo anaima. Ananyamula Nameleka, anamutembenuza, n'kuyendetsa chala pomwe panali lamba. Kenako maso awo anagwera kuseri kwa chitseko. Anatola mfuti yafumbi ija, anapukuta ndi mpango, ndipo pansi pa fumbilo panatulukira mzere wofiira.

"Bambo Banda," anatero motsitsa, "tiyeni tikapume mphepo panja."

Tinakakhala pansi pa mtengo wa mango, kutali ndi makutu a anthu. Anandifotokozera mosazungulira. Kwa iwo, chimene chimapatsa mfuti yakale ulemu ndi zipsera zake: penti yoyamba, zidindo, kuda kwa thabwa. Zimenezo ndizo zimanena komwe yachokera. Mchenga unali utafufuta zonsezo, ndipo palibe mmisiri padziko amene angazibwezere.

"Ndamva kwa mayi bwana kuti ndi yanu, ndipo mwayenda nayo moyo wanu wonse," anapitiriza. "Chilolezo changa ndi cha imodzi. Mukanena kuti nditenge yanuyi, nditenga, sindikana. Koma sindikunamizani. Pakhoma sindingaiike. Anzanga akaiona adzapukusa mitu, adzati inaonongedwa ndi anthu osadziwa. Idzakhala m'kabati, ndipo ine ndikadzafa ana anga adzaiphwasula n'kugulitsa zitsulo zake. Inayo ikhoza kukhala pakhoma, kungoti ilibe bawuti. Sankhani ndinu."

Kutsogolo kwathu nyanja inali mbee ndi dzuwa la masana, moti madzi ndi thambo zinalibe malire, ndipo ndinayesa kulota monga kale. Ndinaona sitima, ndinaona chisanu, ndinamuona Nameleka akufika kwawo. Koma ulendo uno panalibe womulandira. Anthu ankamuyang'ana n'kunena kuti sakumudziwa, ndipo ankatchula dziko langa mopukusa mutu, ankatchula manja a Yusufu. Kuno aliyense kuyambira ku Liwaladzi mpaka ku Chia ankadziwa mawu ake. Ndinazindikira kuti munthu amene wakalambira kwa eni ake, kwawo ndi komwe akumudziwa. Zinandipweteka kwambiri, ana anga, koma mtima wanga unakhazikika.

"Tengani inayo," ndinatero. "Koma ndili ndi pempho. Mnzanga amene anakwecha uja asamve chifukwa chake."

"Sadzamva kwa ine."

Tinabwerera m'chipinda muja. Ndinatsekula dilowa, ndinamasula kansalu ka mafuta, n'kutulutsa bawuti wa Nameleka. Mchenga sunamufike. Anali wakuda monga anachokera kwawo, kupatula pachogwirira pomwe chikhatho changa ndi cha a Sefu zinasalaza. Ndinamulowetsa mu mfuti yopanda dzina ija, ndipo analowa ngati pakhomo pake, ndi kaphokoso komwe ndikanakazindikira ngakhale ndili m'tulo. A Wolta anavula chipewa. Mayi Chisale anasintha zolemba kuti zigwirizane, osandifunsa kanthu. Yusufu ndinamuuza kuti mzunguyo wasankha inayo chifukwa nambala yake ndi yomwe akusowa. Anadandaula kwambiri, anati azungu sadziwa chinthu chokongola.

Tsiku lodula tinatengera mfuti zonse kwa owotcherera zitsulo kuseri kwa msika, apolisi akuonerera. Za Angelezi zinadulidwa imodzi ndi imodzi, moto ukuthetheka, ana a sukulu ataunjikana kumpanda. Itafika nthawi ya Nameleka, wowotchererayo anatambasula dzanja kuti amulandire. Ndinakana. Ndinamuika ndekha m'chopanira, ndinamanga ndekha, ndinagwira kuchitako ndi manja awiri kuti asagwedezeke. Makina atayamba kulira, kunjenjemera kwake kunandilowa m'mikono mpaka m'mano. Sindinatseke maso. Sizinatenge nthawi, ndipo chidutswa chakutsogolo chinagwera mufumbi.

Yusufu anawerama n'kuchitola. Anachipukuta fumbi ndi malaya ake oyera a Lachisanu, mbali zonse, pang'onopang'ono, misozi ikutsikira m'ndevu. Kenako anachiika bwinobwino pambali pa chinzake.

"Musalire, achimwene," anatero, iye mwini akulira. "Bola wapita wosamba. Kwathu munthu sitimukulunga m'sanda ali ndi litsiro."

Ndinamugwira dzanja losupuka lija ndipo ndinamuthokoza. Yusufu akadali moyo, amakhala kuseri kwa mzikiti waukulu, ndipo mukadzakumana naye mudzamupatse moni waulemu. Zimene ndalemba panozi musadzamuwerengere.